Bawuti Imene Inakana Tsiku la Ulendo

Ku Kanyama chitsulo sichikalamba mwaulemu. Dzinja lililonse madzi amadzaza misewu, penapake mpaka m'mawondo, ndipo galimoto zimene zimasambira m'menemo zimatuluka zitanyamula dzimbiri kunsi konse. N'chifukwa chake a Moven Njobvu sankasowa ntchito. Iwo sanali makaniko wa injini, ndipo ukawatchula choncho ankakuwongolera pomwepo. Yawo inali ya mabampala, zitseko ndi madigadi, kuwongola chopindika ndi kubwezera chimene chaguluka. Koma chimene chinawatchukitsa, mpaka madalaivala a maminibasi a ku Chawama ndi ku Matero n'kumafunsira njira ya kwawo, chinali chinthu chochepa zedi: kumasula bawuti imene yakana.

Anafika mu Lusaka kuchokera ku Katete ndevu zisanamere, nayamba ndi kukankha wilibala pamsika. Kenaka anapeza ntchito yosesa pa galaja ina m'tauni, ndipo poti maso awo sankakhala pa tsache, luso analitola chomwecho, osaphunzitsidwa ndi munthu. Galajayo itatsekedwa anatenga bokosi lawo la zitsulo, nakhoma mthunzi wa malata akale kutsogolo kwa nyumba ya lendi ku Kanyama, basi ofesi yatha. Mkazi anamupezanso pomwepo. Petronella Ngosa, Mbemba wa ku Mufulira, anabwera kudzacheza kwa azakhali ake mwezi umodzi, ndipo mweziwo sunathebe mpaka lero. Anabereka mwana mmodzi, Karen, nayika kantemba kake ka tomato, kapenta ndi vitumbuwa pambali pa mthunzi wa amuna ake. Iye ankawaitana mwa kwawo kuti bashi Karen, iwo n'kumuyankha mwa kwawonso kuti amake Karen.

Petronella ankanena poyera kuti za zitsulo sizimukhudza. Dandaulo lake linali limodzi, loti ntchitoyo imamuthera makandulo. Munthu wina aliyense bawuti ikakana amatenga paipi yaitali, n'kuilowetsa ku sipanala, n'kudumphira ndi thupi lonse mpaka china chake chithyoke. A Moven ayi. Iwo ankakhala pansi kaye n'kuipukuta bawutiyo ndi kasanza ngati akupukuta mwana kumaso. Ankaigogoda pang'ono ndi kahamala atatchera khutu, n'kuidonthezera mafuta a mabuleki, kenaka n'kunyamuka kukamwa tiyi. Apa ndi pamene eni galimoto ankapenga.

"Ba Moven, nili na mapasenja pa steshoni!"

"Bazayembekeza. Iyi yankhala mu manzi zaka, imwe mufuna ichoke manje manje?"

Tiyi akatha ankaika chitsulo pa mbaula ya Petronella, pambali pa chiwaya cha vitumbuwa, ndipo chikafiira ankachikanikiza pamutu wa bawuti. Kenaka kandulo ya pa kantemba, yobedwa mwiniwake akuona, ankaisungunulira pamenepo kuti phula lilowe m'mizere. Ndiyeno chodabwitsa chija: sipanala ankayamba kuipotozera mbali yomangira. Kumanga pang'ono, kumasula pang'ono, kumanganso, mpaka bawuti ilire kamawu kang'ono. Ankati bawuti sikana dala, imangokhala kuti yaiwala njira. Pobwezera sankaiika youma, ankaipaka girisi poganizira munthu amene adzaimasule m'tsogolo, ngakhale munthuyo sadzamudziwa. M'zaka zonsezo Petronella sanaonepo bawuti itathyokera m'manja mwawo.

Tsiku lina m'nyengo yozizira anawaona atagona kunsi kwa minibasi, iye n'kumayesa ali pa ntchito, mpaka atazindikira kuti phazi lawo silikugwedera monga linkachitira nthawi zonse akamalimbana ndi chitsulo. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako amoyo, koma dzanja lamanja linali litafa, mwendo akuchita kuukoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi movutikira. Makasitomala anabwera kudzapepesa, ena ndi shuga, ena ndi pemphero, kenaka mmodzimmodzi anawolokera tsidya lina la msewu kwa Musa, bambo wowotcherera zitsulo, wamtima wabwino ndi mikono yonenepa ngati ntchafu. Sitingawanene, galimoto zawo zinkafunika kuyenda. A Moven anatsala pampando pakhomo, akuyang'ana mthunzi wawo ukusanduka mousira agalu.

Petronella anapirira chilimwe chonse. Kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, kuthamangira kumsika wa Soweto kukaoda tomato, kubwerako n'kupeza wodwala ali ndi ludzu. Koma mvula itabwera zinthu zinafika pena. Madzi analowa m'nyumba, bedi analikweza pa mabuloko, ndipo chimbudzi chinatsala tsidya lina la dziwe. Ankawabereka kumsana, munthu wamkulu wa ndevu za imvi, n'kumaponda miyala imene anthu amayala m'madzi. M'mawa wina mwala unagwedera, onse awiri khuvuu m'madzi akuda aja. Petronella anawavuula, anawasambitsa. Kenaka anapita kuseri kwa kantemba n'kuimbira foni a Jameson, akulu awo a Moven, ku Katete.

Abale anakhala pansi monga mwa mwambo, ndipo chimene anagamula chinali chomveka: wodwala apite kumudzi, kumene kuli alongo ake ambiri ndi nthaka youma. Petronella atsale, poti kantemba ndi kamene kankadyetsa Karen ku koleji. Anafunsidwa ngati akuvomera, ndipo anavomera. Choipa n'chakuti mtima wake unapepuka, ndipo kupepukako kunamuchititsa manyazi kuposa kugwa kuja. A Moven palibe anawafunsa. Anangomva, nagwedeza mutu, ndipo kuyambira tsikulo analeka kumuyang'ana mkazi wawo kumaso.

A Jameson anabwera Loweruka ndi vaneti yawo yakale yonyamulira mtedza, ya bampala yachitsulo chenicheni. Anali munthu wofatsa, wokonda mng'ono wawo, ndipo mlamu wawoyo sanamunene ngakhale liwu limodzi. Anakweza matiresi, chikwama, mpando uja, ndi bokosi la zitsulo, ati mwina anyamata kumudzi angaphunzirirepo. Azimayi a kumpingo anapemphera. A Moven anawakhazika kutsogolo atavala suti yawo ya paukwati, n'kuwatsekera chitseko. Petronella anaima pakhomo atavala chitenje chake cha kumpingo, manja ali m'khwapa, osalira.

Galimoto sinapite patali. Pokhotera pa ngodya, pamene madzi anabisa umodzi wa miyala ya ku Kanyama yomera pansi ngati mano, panamveka phokoso loti khoo! Mbali ya bampala inapindikira m'kati n'kukaluma tayala. Anthu anathandizana kuikankha chafutambuyo, tayala likulira, mpaka pansi pa mthunzi wa a Moven, poti ndi pokhapo panalibe dziwe, koma matope okha.

Musa anabwera ndi masipanala ake. Mabawuti ena anatuluka bwinobwino, koma ya m'munsi, yogwira chitsulo chopindikacho, inakana. Musa anachita zimene amuna amachita: paipi, thupi lonse, thukuta. Sipanala inatsetsereka, ndipo mutu wa bawuti unatsala wobulungira, nsonga zake zonse zitadyeka.

"Iyi ni yodula chabe na galainda," anatero Musa, akuyamwa chala chimene anasupula. "Manje malaiti kulibe, magetsi yanazima kuyambila kuseni. Kumenya na hamala siningayese, ladiyeta ili pafupi."

"Ndiye tichita bwanji?" anafunsa a Jameson. "Ine mawa ndiyenera kukhala kumudzi, kumunda kukundidikira. Ikakanika lero, galimoto ndiisiya, ndikwera basi. Mng'ono wangayu basi sangaithe. Ndidzamutenga tikakolola."

Tikakolola! Petronella anawerama ngati akukonza tomato kuti nkhope isaoneke. Amene anaimba foni anali iye yemwe, koma tsopano mumtima ankainyengerera bawuti ija kuti kana mwana iwe, kana ndithu. Zoti mawa adzawaberekanso pa miyala ija sanaziganizire.

Kenaka kunamveka kugogoda. A Moven ankamenya chitseko cha galimoto ndi dzanja lamanzere. Anawatsitsa poyesa kuti akufuna kuseri, koma iwo analoza kunsi kwa bampala.

"Pansi."

"Moven, suti yako," anatero a Jameson.

"Pansi."

Anayala thumba n'kuwagoneka chagada. Dzanja lamanzere linakwera, zala zikufufuza m'matope ndi m'dzimbiri, mpaka zinaupeza mutu wodyeka uja. Zinaupapasa nthawi yaitali, eni ake atatsinzina. Phazi labwino lija linayamba kugwedera.

"Amake Karen," anaitana. "Mbaula."

Petronella anasendera pafupi. Anagwada n'kulowetsa mutu kunsi kwa galimoto, kumene ena sakanamva.

"Bashi Karen, isiyeni," ananong'ona. "Ikakana simuzayenda. Mwamvela? Isiyeni chabe, kulibe azamisekani."

A Moven anatembenuza mutu n'kumuyang'ana kumaso, koyamba chichitikire msonkhano wa abale uja. M'masomo munalibe mkwiyo. Munali kudabwa, ngati mkazi wawo wawapempha kuti akabe.

"Motoka... ya munthu," anatero, liwu lililonse akuchita kulikoka. "Mbaula. Na kandulo."

Mkwiyo unamugwira Petronella, komabe anapita. Mwamuna wanji wokonza galimoto yomuchotsa pakhomo pake? Makala anawakupiza ngati akumenya munthu. Koma atabwerako anazindikira kuti wadzera kumbuyo kwa vaneti, watsitsa bokosi, ndipo m'dzanja wanyamula kale kasanza, kahamala kakang'ono ndi kabotolo ka mafuta a mabuleki, zinthu zimene palibe anamutuma.

Musa anagwada kuti athandize. A Moven anayang'ana mikono ija n'kupukusa mutu.

"Mphamvu," anatero, ndipo anthu anaseka, Musa nayenso anaseka. Dzanja lamanzere linamudutsa Musa n'kukagwira Petronella pa mkono, pamwamba pa chikhatho. "Bwela."

Motero mai wa tomato anagona chagada m'matope, chitenje cha kumpingo ndi zonse, phewa lake litagundana ndi la amuna ake. Kunsi kwa galimoto anali asanalowemo chibadwire. Kunali kununkha matope, oilo ndi makoko a mtedza, ndipo bawuti imene inaimitsa ulendo wonse inali yosaposa chala chake chachikulu. Anaipukuta, anaigogoda, anaidonthezera mafuta. Atamaliza anatenga sipanala, koma zala zija zinamuletsa.

"Tiyi."

"Tiyi?" a Jameson anayang'ana mitambo imene inkasonkhana chakum'mawa. Koma a ku Kanyama anaombana m'manja ndi kuseka, poti anadziwa kuti mwini mthunzi wabwera. Tiyi anawiradi pa mbaula pambali pa chitsulo, ndipo a Moven anamwa atatsamira tayala, mosafulumira, wina akutayikira pa kolala ya suti.

Zimene zinachitika atalowanso kunsi kuja Petronella sathabe kuzifotokoza bwino. Musa anamupatsira chitsulo chofiira atachipana ndi pulayala, iye n'kuchikanikiza pa bawuti, ndipo atamva fungo linalake dzanja lake linafuna kandulo lokha, zala za amuna ake zisanamufinye. Fungolo ankalidziwa. Linkamufika pa kantemba zaka zonse zija akukazinga vitumbuwa, atafulatira, akudandaula. Anapisa m'bokosi osayang'ana, natulutsa sipanala yocheperako, monga amachitira amuna ake bawuti ikadyeka mutu, naikhomera ndi kahamala mpaka inaluma. Mantha anamugwira, mantha abwino aja amene munthu amamva m'tchalitchi nyimbo ikagwira. Ntchito ya munthuyu inali italowa mwa iye kalekale, iye osadziwa.

Koma chomaliza chija analibe, ndipo anachimva chikubwera kudzera pa mkono. Zala za a Moven zinamukankhira dzanja mbali yomangira. Mtima wake unakana, poti chinthu chokana kale uchimangirenji? Komabe anamvera. Pang'ono chabe. Zala zinafinya, iye n'kuima. Zinabwerera, iye n'kubwerera. Sipanala sinkaoneka kuti ikuyenda n'komwe, koma zala zija zinkamva kanthu m'kati mwa chitsulo, kudzera m'mafupa a iye, kanthu kamene iye mwini wogwira sipanalayo sankakamva. Nthawi ina anatopa n'kufuna kukoka ndi mphamvu, ndipo zala zinamutsina mphamvuzo zisanafike m'dzanja. Anatembenuka kuwayang'ana. Anali atatsinzina, pakamwa popotoka paja pali yasa pang'ono, nkhope yonse ili phee, akumvetsera. Munthu amene iye ankamusambitsa ngati khanda, amene anagwa naye m'madzi akuda, analipo yense, wathunthu, m'zala za dzanja limodzi lotsalalo. Misozi inatsikira m'makutu mwake, poti anali chagada.

Kenaka bawuti inalira, kamawu kang'ono koti tswii.

Kunja macheza anaduka. Musa anagwada n'kusuzumira osaphethira. Kumanga, kumasula, kumanga, kumasula, ndipo ulendo uliwonse sipanala inkapita patali pang'ono, dzimbiri likumugwera Petronella kumaso. Pomaliza anaizunguliza ndi zala zokha, ndipo inagwera m'chikhatho chake ili yofunda, mizere yake yonse ili bwinobwino. Palibe anaomba m'manja ulendo uno. Mai wina wa kumpingo anangoti, "Mulungu wanga," chapansipansi.

Zotsala zinali za mikono. Musa anawongolera chitsulo pa mwala, napala mutu wa bawuti ndi tupa kuti sipanala igwirenso, n'kubwezera bampala. A Moven analoza kachitini ka girisi, ndipo Petronella anaipaka bawutiyo ndi chala isanabwerere m'malo mwake. A Jameson analiza injini, nakhotetsa chiwongolero uku ndi uku, tayala osakhudzanso kanthu. Kenaka anakwezanso bokosi kumbuyo.

A Moven sanadikire kunyamulidwa. Anagwira bampala yomwe anakonzayo, nadzikoka, naimirira, suti yonse ili matope okhaokha. Anatsamira galimoto n'kumakoka mwendo pang'onopang'ono mpaka pa chitseko, nagwira chotsegulira. Ntchito yatha, abale anagamula, ulendo ulipo. Sanacheuke.

Petronella anaponda tayala, nakwera kumbuyo kwa vaneti, nakoka bokosi la zitsulo mpaka linagwera pansi ndi phokoso.

"Mlamu, bokosilo likupita," anatero a Jameson mofatsa.

"Siyenda, ba mulamu. Na bene bake sibayenda."

"Koma ndinu munaimba foni."

"Ndine. Nenze nalema."

"Nanga madziwa? Nanga msana wanuwo? Mvula ikadalipo."

"Niziba. Nizalema futi, kapena nizamitumilani futi foni nikulila. Koma aba si bokhazika pansi pa mtengo ku munzi, kungoyembekeza. Mwaona mweka."

A Jameson anavula chipewa n'kukanda mutu. Zogamulidwa ndi abale sizimasulidwa ndi mkazi pamsewu, ndipo onse oimirira pamenepo ankadziwa zimenezo. Anamuyang'ana mng'ono wawo nthawi yaitali, kenaka anachita chimene chinaiwalika tsiku la msonkhano lija.

"Moven, iwe ukuti bwanji?"

A Moven anayang'ana bokosi, anayang'ana mthunzi wa malata, anayang'ana mkazi wawo ali chilili pamwamba pa matiresi, dzimbiri lili kumaso konse. Dzanja linasiya chitseko.

"Mpando," anatero.

Mpandowo anautsitsa okha a Jameson, akupukuta m'maso ndi chipewa, nati za abale akazisenza iwo. Anafuna kuubwezera pakhomo pamene anautenga, koma Petronella anawalanda n'kukauika pansi pa mthunzi, moyang'ana kumsewu, bokosi pambali. Musa anazungulirazungulira, kenaka anati kwake kuli kagalimoto kena kamene bawuti yake yamuvuta sabata yonse, kodi akabweretse?

"Mailo," anatero a Moven, kutanthauza mawa, poti za lero zinali zitakwana. Kenaka analoza kantemba. "Kandulo."

"Yasila," anayankha Petronella. "Mwanisilizila makandulo zaka zonse, bashi Karen."

Vaneti itapita, iye anathira madzi m'beseni kuti asambe. Pa mkono wake wamanja panali zidindo za zala, zakuda ndi girisi, kuzungulira pamwamba pa chikhatho. Anasamba kumaso, anasamba dzanja linalo, anatsuka miyendo. Mkono umenewo anausiya kaye, n'kupita kukawonjezera makala pa mbaula.